Njinga Yothamangira M'nyumba

Evelina ankatsika chitunda cha pa msewu wa ku Kapichila atawerama pa mahandulo, matayala oonda a njinga yake yampikisano akulira, pamene ngolo inatulukira pamphambano. Woyendetsa anali apongozi ake aamuna, a Lukhele, ndipo kumbuyo kwawo kunali anzawo awiri omwe ankachokera nawo ku dipi kosambitsa ng'ombe.

Mwambo wa pamudzi pa a Lukhele ngakhale nkhuku zinkaudziwa. Mkamwana akakumana ndi apongozi aamuna panjira amapatuka n'kugwada m'mbali mpaka iwo adutse, ndipo akakhala panjinga amatsika. Awiriwa sakhudzana, salowerana m'nyumba, ndipo mawu awo amadzera mwa munthu wina. Evelina mwambowu sankaunyoza. Chitenje ankayenda nacho m'thumba lakumsana la malaya ake, kuti akangotsika azichikulunga pamwamba pa kabudula wothina amene opalasa njinga zampikisano amavala. Koma m'mawa umenewu liwiro linali litakula, nsapato zake zinali zokoleka ku mapedulo, ndipo m'mbali mwa msewu munali mchenga wokhawokha. Kugwira buleki pamenepo kukanakhala kudziitanira chipatala. Anawerama kwambiri n'kudutsa pakati pa ngolo ndi ngalande, fumbi koboo.

"Kodi wapita apa nindani?" anafunsa mmodzi mwa anzawo aja, chonsecho ankamudziwa bwinobwino.

"Si mkamwana wa a Lukhele uyo?" anayankha winayo. "Ng'ombe za malobolo munapeleka zija zinali zaliwilo, mdala. Onani zakubweletselani ndeke pakhomo!"

A Lukhele anaseka nawo, poti iwonso anali munthu wa nthabwala, woti pamaliro anthu ankalimbirana kukhala nawo pafupi. Koma kuseka kwa tsiku limenelo kunali kwa mano okha.

Madzulo mawu anayenda njira yake ya masiku onse. A Lukhele anauza akazi awo, a NyaMithi. A NyaMithi anaitana mwana wawo Hillary. Hillary anadutsa pabwalo n'kukalowa m'nyumba yake yamalata, momwe anapeza mkazi wake akupukuta tcheni cha njinga.

"Eve, adada akuti njinga pamsewu basi."

"Basi mpaka liti?"

"Za liti sanakambe. Akuti chabe basi."

Evelina anapitiriza kupukuta. Njinga sanaidziwire kubanja ayi. Anakulira ku Kapichila akumakweza madengu a matimati pa njinga ya bambo ake kupita nawo ku msika wa Lundazi, ndipo anyamata amene ankamuseka ankatsala m'mbuyo lilime lili panja. Chaka china pa boma panachitika mpikisano wa amayi, iye n'kupambana pa njinga yomweyo ya matimati. Mayi wina wa ku Chipata wophunzitsa opalasa njinga, dzina lake Irene, anamuona tsikulo n'kumubwereka njinga yeniyeni yampikisano. Hillary anamufunsira zonsezi akuzidziwa, ndipo kunena zoona ndi zomwe zinamukopa. Tsopano ku Chipata kunkabwera mpikisano wina mvula ikadzatha, wosankha amayi oimira chigawo chonse cha kummawa, ndipo Irene anali atamuika kale m'gulu la opita.

"Imwe munawayankha chani?" anafunsa Evelina.

"Nikanayankha chani? Ni adada."

"Kulakwa nalakwa, nivomela. Nizapepesa na nkhuku. Koma ku Chipata nizapita, a Hillary. Muganize bwino mwamene muzakambila nao."

Hillary ankakonza mafoni pa msika wa Lundazi, ndipo anali munthu wokhulupirira kuti vuto lililonse lili ndi kachipangizo kake. Kuyang'anizana ndi bambo ake maso ndi maso ndiko kunkamukanika. Choncho m'malo mopita kwa a Lukhele, anaimbira foni Irene. Nkhuku inaperekedwa, inalandiridwa, inadyedwa, koma lamulo linakhala pomwepo.

Mvula yoyamba itangogwa, minibasi ya ku Chipata inatsitsa katoni yaitali, ndipo Hillary anabwera nayo pamutu akumwetulira ngati wapha mbawala. M'katimo munali chimango chachitsulo chogona pansi, chokhala ndi timigolo titatu toonda, tiwiri kumbuyo kamodzi kutsogolo, tolumikizidwa ndi lamba. Dzina lake anati ndi marola. Njinga umangoiika pamwamba pa timigoloto n'kumapalasa, popanda chilichonse choigwira, matayala n'kumazungulira pamalo amodzi. Pambali panali kabokosi kolumikiza ku magetsi kamene kankamvana ndi foni. Foni ikaonetsa chitunda, timigolo tinkalimba mpaka miyendo kuwawa. Ikaonetsa potsika, tinkafewa. Inkanenanso liwiro ndi mphamvu imene munthu akuponda nayo.

"Waona?" anatero Hillary. "Adada akana msewu, ife tabweletsa msewu m'nyumba. Choka, niyambe ine nikuonetse."

Anakwera n'kupalasa kawiri. Njinga inapita kumanzere, mwini wake kumanja, n'kukathera mu kabati ya mbale. Evelina anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo aka kanali koyamba kuseka chichokere lamulo lija.

"Safunsa anadya phula," anatero akupukuta misozi. "Tumani foni kwa amayi Irene tisanathe mbale."

Irene anayankhula mosazungulira. "Uike pakati pa felemu ya chitseko cha kuchipinda, kuti ukapendama uzitsamila na phewa. Usayang'ane tayala, yang'ana kutsogolo. Ndipo mvela bwino, Evelina: buleki usagwile. Ukagwila buleki pamenepo, wagwa. Ukafuna kuima, leka kupalasa, ugwile khoma. Makinawo nakubweleka chabe. Kuli mtsikana wina ku Katete awafuna, so uzaniuza ngati akuthandiza kapena ai."

Masiku oyamba mapewa a Evelina anasupuka ndi felemu. Koma munthu amene ananyamulapo madengu atatu a matimati pamchenga sangagonje kwa timigolo. Posakhalitsa ankapalasa osakhudza khoma, kenaka ankatha kumwa madzi ali pomwepo, kenaka ankasiya dzanja limodzi n'kumapukuta thukuta. Phokoso lake ndilo linadabwitsa mudzi. Linali mdidi wosalekeza wotuluka m'nyumba yotseka, ndipo m'mawa wina amayi awiri a tsidya lina anafika ndi malichero a chimanga pamutu, atamva kuti Hillary wagula chigayo.

Tinene zoona, makinawo anali abwino. Mvula ikamakhuthuka, msewu utasanduka phala, Evelina ankakwera zitunda zake ali pouma. Kunalibe malole a thonje omufinyira m'ngalande, kunalibe mbuzi zodumphira kutsogolo, kunalibe minga. Timigoloto tinalinso topanda chinyengo. Pamsewu munthu utha kumapalasa mopotoka zaka zambiri osadziwa, koma apa ukangoponda mokondera, njinga imayamba kuvina. Ndi mmene Evelina anadziwira kuti mwendo wake wamanzere unali waulesi, wongokwera nawo pa ntchito ya unzake, ndipo anauwongola. Manambala a pafoni ankakwera sabata ndi sabata, Hillary n'kumawaonetsa kwa aliyense wobwera kudzakonzetsa foni, ngakhale agogo osadziwa kuwerenga.

Koma walira mvula walira matope. Magetsi akazima, zomwe sizinali zachilendo, zitunda zonse zinkazima nawo, timigolo n'kungotsala topepuka ngati gudumu la pachitsime lopanda ndowa. Pansi pa malata panalibe mphepo yomuuzira, moti thukuta linkachita chithaphwi pa simenti, mpaka anayamba kumasiya chitseko chapanja chotsegula. Ndipo misewu ya pafoniyo inali ya maiko ena, yosalala, ya nyumba zoyera ndi mitengo yosadziwika maina. Kona ikabwera, chithunzi chokha ndicho chinkakhota. Iye ankangoyang'anabe kalendala ya pakhoma, ndipo mtima unkamuwawa akamva mabelu a njinga za anzake zikupita kumsika.

Khirisimasi itadutsa, Irene anaimbanso. "Manambala ako naaona, ni abwino maningi. Koma ku Chipata sitithamangitsa mafoni. Kuli makona, kuli kutsika, kuli anzako okugunda na chigongono. Ngati subwelela pamsewu, sinizakutenga. Sinifuna kukakutola m'ngalande."

Evelina anamuuza mwamuna wake mawuwa pamene ankadya chamadzulo. Hillary anaika supuni pansi.

"Manje vuto ni chani? Adada ali chete, amama ali chete, iwe upalasa tsiku lililonse. Aliyense wakondwa."

"Aliyense kupatula nindani?"

"Eve, kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono ilibe mpikisano mu Epulo. Mwanipezela khola labwino, a Hillary, la magetsi, la foni. Nayamika. Koma ni khola."

Hillary anati akayankhula ndi bambo ake Lamlungu akachoka ku tchalitchi. Lamlungu litafika anati bambo ake anali otopa. Lamlungu linalo anati kunabwera alendo.

Tsiku la ngozi kunacha kwa mitambo. Hillary anali kumsika, ndipo a NyaMithi anali atatsikira kudimba. A Lukhele anatsala okha pakhonde pawo akusoka goli, mdidi uja ukuwalowa m'makutu. Pambuyo pake iwo ankati anapita kukabwereka pulayala ya Hillary yopindira mawaya, poganiza kuti mnyamatayo sananyamuke. Aliyense wowadziwa akhoza kukuuzani kuti pulayala anali nayo yawo. Chinawanyamula ndi chidwi, pakuti paunyamata wawo nawonso anapalasapo njinga kukagula nsomba kuchigwa cha Luangwa, ndipo zoti njinga ingathamange osachoka pamalo zinkawasowetsa mtendere. Ankaganiza kuti chitseko n'chotseka, angoima panja n'kumvetsera pafupi. Anazungulira kuseri kwa nyumba, n'kutulukira pakhomo penipeni.

"Odi," anatero, chifukwa pakamwa panazolowera.

Evelina anali pakati pa chitunda chachikulu, ataimirira pa mapedulo. Anadzutsa mutu n'kuona apongozi ake ali pakhomo, iye ali m'kabudula. Manja sanadikire kufunsa mutu. Anachita zomwe anaphunzitsidwa kuyambira tsiku limene analowa pamudzipo, ndipo anafinya mabuleki onse awiri.

Matayala anauma pomwepo. Njinga inadumpha kuchoka pa timigolo, ndipo poti mapazi anali okoleka, inapita naye pansi. Chipumi chinamenya ngodya ya tebulo. Atatsegula maso, magazi ankayenderera kulowa m'diso, mwendo umodzi uli pansi pa njinga, phazi likadali lokoleka. Ngakhale zinali choncho, dzanja lake linkafufuza chitenje chomwe chinali pampando, ndipo ankayesa kudzikoka kuti agwade.

A Lukhele anali atatembenuka kale, nkhope kuloza kubwalo. "NyaMithi!" anakuwa. "NyaMithi, imwe!" Koma dimba linali kutali, ndipo anayankha ndi atambala okha. Anaponda phazi limodzi pa sitepe, n'kulibweza. Chikhalire sanalowepo m'nyumba imeneyo, ndipo mkamwana wawo sanamukhudzepo ngakhale popatsana moni. Kumbuyo kwawo ankamva munthu akubuula motsitsa, moyesa kubisa. Mdalayo anachita mantha, ndipo manyazi anamugwira kuposa a tsiku la ngolo lija.

Anavula jekete n'kuliponya chakumbuyo osayang'ana. Kenaka analowa chafutambuyo, pang'onopang'ono, maso ali kukhomo, dzanja likupapasa m'malere mpaka linagwira chishalo cha njinga. Anayamba kukoka.

"Adada, musadonse," anatero Evelina. "Phazi lakoleka."

Amenewa anali mawu oyamba amene iye anawayankhulapo mwachindunji. Onse awiri anazindikira zimenezo, ndipo kwa kanthawi m'nyumbamo munangomveka kamgolo kamodzi kakumalizira kuzungulira.

A Lukhele anatsokomola. "Iwe njinga," anatero, akuyang'anabe panja, "nakugwila. Ima nji, mwana achotse phazi."

Evelina anapotoza chidendene, nsapato n'kumasuka. Anadzifunditsa jekete lija m'miyendo. A Lukhele anatsamiritsa njinga kukhoma, n'kutuluka, ndipo anthu amene anali m'minda tsikulo anaona chinthu chimene sanachionepo: mdala wa bondo lovuta uja akuthamangira kudimba, chipewa chili m'manja.

Kuchipatala anamusoka pachipumi n'kumuuza kuti fupa silinathyoke. Dzuwa likupendeka, banja linakhala pansi pa mtengo wa mango pakati pa bwalo. A Lukhele anali pa kampando kawo atapenya kumbali. A NyaMithi anali pamphasa, Hillary pa njerwa, ndipo Evelina anagwada chapatali, chitenje mpaka kumapazi, bandeji ili mbee pamutu.

Hillary ndiye anayamba. "Mlandu ni wanga. Nine ninabweletsa chinthu chija. Mailo nichikweza minibasi, na njinga yomwe. Zatha. Sinifuna kufedwa chifukwa cha mpikisano."

"Wakamba bwino," anatero a NyaMithi. "Pamsewu mwatichititsa manyazi, m'nyumba mwatichititsa mantha. Kwatsala kuti? Padenga?"

Evelina anawomba m'manja mwaulemu. "Amama, nipempha munipelekele mawu kwa adada."

"Kamba, mwana wanga."

A Lukhele anali pamtunda woti akanamva ngakhale kunong'ona, koma mawu anayenera kuyenda njira yake.

"Muwauze kuti yewo chomene, nayamika pa zimene anichitila lelo. Muwauzenso kuti makina aja alibe mlandu. Ninauzidwa kuti buleki nisagwile, ine n'kugwila. Ninaona adada, manja anagwila okha. Ulemu ni umene wanigwetsa, ndipo sinidandaula nao. Pa msewu paja ninasunga thupi n'kutaya ulemu, lelo nasunga ulemu n'kuvulaza thupi. Vonse viwili naviyesa."

A NyaMithi anatembenukira kwa amuna awo. "Mwamva?"

"Sininamve. Kambani imwe," anatero a Lukhele, ndipo a NyaMithi anabwereza zonse, mawu ndi mawu.

"Muwauzenso ichi, amama," anapitiriza Evelina, mawu ake osagwedera. "Makina aja naayesa mokwanila. Miyendo aipatsa mphamvu, koma msewu saphunzitsa. Kupalasa m'nyumba chabe n'kuzinamiza, ndipo ine kuzinamiza sinifuna. Nipempha msewu wa ku Kapichila m'mawa, dzuwa likalibe kukwela. Adada akakana, nizamvela. Nizabweza vonse kwa amayi Irene na manja anga, ndipo simuzamvanso nikukamba za njinga. Koma akanilola, ku Chipata nizapita, ndipo sinizapita kukapelekeza anzanga."

Hillary anatsegula pakamwa kuti ayankhule, koma amayi ake anamuyang'ana, iye n'kutseka. A NyaMithi anabwereza pempholo. A Lukhele anakanda bondo lawo. Vuto linali loonekeratu kwa onse: msewu umenewo ndi womwe iwo ankadzera m'mawa uliwonse popita kumunda wawo wa fodya. Kulola mkamwana kunali kulola kukumana nayenso tsiku ndi tsiku, mkamwanayo osatsika panjinga.

"NyaMithi," anatero pomaliza, "kodi njila ija ya kumunsi, yodzela kudambo, ikalipo?"

"Ilipo. Mufunilanji?"

"Naiyewa, mtima uifuna. Kale sin'napiteko. Niganiza kuyambila mailo nizipita kumunda na njila ija. Ngolo izitsala, nizipita na miyendo."

"Na bondo lanu ilo? Njila ija ni yozungulila, imwe."

"Bondo ni langa. Mwambo ukuti apongozi na mkamwana asakumane panjila. Sunakambe kuti wopatuka azikhala mwana masiku onse."

Hillary anayang'ana bambo ake ngati akuwaona koyamba. A NyaMithi anapukusa mutu. "Akulu ni m'dambo mozimila moto, icho nidziwa. Koma dambo lenileni lija mvula ikagwa usiku lizula madzi mpaka m'chiuno. Muzapita bwanji? Kapena fodya azizilima yekha?"

Nkhani inaoneka ngati yagweranso m'matope. Apa Evelina anawombanso m'manja.

"Amama, muwauze adada kuti mvula ikagwa, msewu ni wao. Apite na ngolo yao mwamtendele. Ine masiku amenewo nili na makina."

A NyaMithi anayamba kubwereza, koma amuna awo anakweza dzanja. "Icho namva," anatero.

Madzulo omwewo Evelina anaimbira Irene. "Mtsikana wa ku Katete mumupezele ena, amayi. Awa nisunga."

"Akuthandiza?"

"Paokha sakwana. Pamodzi na msewu, ni abwino kwambili. Pamsewu nibwelela bala likangopola."

Ulusi utachotsedwa pachipumi, kunacha kopanda mtambo. Evelina anatulutsa njinga, anthu akumuyang'ana m'makonde, n'kulowa msewu wa ku Kapichila. Kona yoyamba anaikhota mwamantha ngati mlendo. Yachiwiri thupi linakumbukira. Miyendo inali ndi mphamvu imene sanakhalepo nayo, ndipo chitunda chimene kale chinkamuimiritsa pa mapedulo anachikwera atakhala. Ali pamwamba anaponya maso kumunsi. Kutali m'dambo munali munthu mmodzi, buluku atapinda mpaka m'mawondo, khasu paphewa, akutsimphina m'matope, msana ataulozetsa kumsewu. Evelina anamva chisoni ndi chimwemwe nthawi imodzi, ndipo misozi imene inatuluka sinali ya mphepo yokha. Anawerama n'kutsika chitundacho ndi liwiro lonse.

Zinayenda choncho mpaka mvula inabwereranso mwamphamvu. Inagwa usiku wonse, ndipo m'mawa dambo linali nyanja. Evelina sanadikire kuuzidwa. Anayala makina ake pakhomo la kuchipinda, anatsegula chitseko chapanja kuti mphepo izilowa, n'kukwera. Magetsi analipo, ndipo foni inamupatsa chitunda chachitali.

Ali pakati pa chitundacho anamva magudumu a ngolo akuchoka kukhola. Njira ya ngolo yopita kumsewu inkadutsa kutsogolo kwa nyumba yake, ndipo phokosolo linkayandikira. Zala zake zinasuntha zokha kupita ku mabuleki. Ngolo inafika pakhomo penipeni. A Lukhele anali atakokera chipewa kumaso, nkhope ataipenyetsa tsidya lina, ndipo ng'ombe zinachita ngati zikufuna kuima kuti zione chimene chinkalira m'nyumbamo.

"Tiye, Bulaki! Tiye, Bantomu!" anakuwa mdalayo, mokweza kuposa mmene ng'ombe zinkafunikira. "Muyang'ana chani? Musasokoneze munthu ali pa nchito!"

Evelina anabweza zala zake pa mahandulo, n'kupitiriza kupalasa.